"Maliro n'kulirana": nanga iye adzandilira bwanji?

Wa ku Manja

Akuluakulu, ndithandizeni pa mwambi uwu. Wakhala ukundizunguza mutu kuchokera mu Malichi 2023.

Ndinali ndi mnzanga amene tinadziwana tili Sitandade 5. Ankakonza mafoni pakabenchi kake ku Limbe, ndipo ankachita lendi ku Chilobwe, kumtunda kwenikweni m'mphepete mwa phiri la Soche, kumene nyumba zimatchipako. Mvula ya namondwe wa Freddy itagwa masiku aja osakata, matope ndi miyala zinatsika phiri usiku n'kumupeza ali m'nyumba. Anali ndi zaka 27. Tinakumba masiku awiri ndi makasu, ena ndi manja enieniwa, osadziwa kuti anthu ena anali atamutenga kale. Tinakamupeza ku mochale ya ku Queens. Ndinamuzindikira ndi jezi yofiira ya Bullets imene ankagona nayo. Ine ndine wa Noma, moti theka la ubwenzi wathu linali kunyozana basi.

Tinakaika kwawo kwa mayi ake, cha ku Lunzu. Kumeneko ndi kumene ndinazindikira kuti mnzake wa malemu alibe mpando pamaliro. Poitana oika nkhata anayamba makolo, kenako abale, amfumu, a mpingo. Ife anzake anangotitchula pamodzi kumapeto. Usiku wa m'mbuyo mwake ndinali nditaima ndekha kuseri kwa khitchini, pafupi ndi pamene amayi ankaphikira, misozi osatuluka ngakhale dontho. Chimene ndinali nacho ndi mkwiyo, makamaka pa adzukulu amene ankaseka ndi kukalipira ophika kuti ndiwo zachepa. Ndiye panatulukira agogo ake a malemu ndi ndodo yawo. Sanandifunse dzina. Anangondigwira padzanja n'kunena kuti, "Lowa m'siwa, mwana iwe. Maliro n'kulirana."

Sindinalowe.

Ine ndinakula ndikumva mwambiwu ngati chenjezo: ukamajomba maliro a anzako, ako adzasowa anthu. Koma agogowo sankandidziwa, sindine wa m'mudzi mwawo, ndipo kwathu ku Manja sadzafikako. Amene ndikanalirana naye ndi yemwe anali m'bokosiyo. Ndiye ankatanthauza chiyani?

China chimene sindinauzepo munthu: ndinali naye ngongole ya K4,500 ya sikirini imene anandiikira pafoni. Woimira banja atafunsa kumanda ngati alipo amene ali ndi ngongole ndi malemu, ndinangowerama.

Mphunzitsi wopuma, Zingwangwa

Pepani kwambiri achimwene. Ife kuno tinkangoliona phirilo m'mawa mwake litang'ambika mizere yofiira, osadziwa kuti pansi pake pali ana athu angati. Anthu oposa 1,000 adapita m'dziko muno ndi mvula imeneyo, mpaka Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, adalengeza masiku 14 olira. Kuyambira pamenepo ine mwambi uja wa "walira mvula walira matope" ndimauopa kuutchula pagulu.

Pa funso lanu, tiyambe ndi mawuwo. Mu "kulirana" muli ka -an- kamene kalinso mu kukondana, kumenyana, kubwerekana. Kamafuna mbali ziwiri, ndipo zonse zikhale zokhoza kuchita chinthucho. Wakufa salira. Choncho olirana si inu ndi malemu ayi, koma otsala: banja ili ndi banja ilo, mudzi uwu ndi mudzi uwo. Kumbukirani kuti mwambiwu udabadwira kumudzi, kumene kulibe kampani yoyendetsa maliro. Amfumu alengeza ndi kupereka malo, anyamata akatema nkhuni, amayi atunga madzi ndi kusonkha ufa m'timbale, adzukulu alawirira kumanda. Palibe amene alandira malipiro. Malipiro ake n'ngakuti tsiku lako likadzafika, anthu omwewo adzabwera. Mwambi wina woyenda nawo limodzi ndi uja wakuti chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe.

Dalaivala wa Bangwe–Limbe

Aphunzitsi mwazungulira. Ndi ngongole basi, tisanamizane. N'chifukwa chake pamaliro pamakhala kope lolemba chipepeso, dzina ndi ndalama zake, ndipo kwina amawerenga mokweza. Kwathu kunali bambo wina wochita bwino. Akaona masamba pamsewu ankangotsika liwiro pang'ono, magalasi ali chitsekere, n'kutuma wantchito kukasiya envulopu. Mwana wake atamwalira adzukulu anafika kumanda, n'kukhala pansi. Anamutumizira khasu kunyumba kuti abwana akumbe ndi envulopu yawo ija. Anachita kupepesa kwa amfumu, mbuzi inatuluka, m'pamene khasu linagunda pansi. Dzuwa linali litakwera kale.

Ndiye agogowo amakuuzani kuti musaime kuseri ngati mlendo woona mpira. Mwabwera, gwirani ntchito ya maliro.

Wa Fomu 3

Pepani ndikusokonezeni, siwa ndi chiyani? Ndimangomva koma sindinafunsepo.

Mphunzitsi wopuma, Zingwangwa

Ndi nyumba imene mwagona thupi la malemu, mwana wanga, mmene amayi amachezera usiku wonse. Abambo amakhala panja pamoto, amangolowa kukapepesa ndi kukaona nkhope. Wachita bwino kufunsa. Anzako ambiri m'tauni muno amangodziwa tenti ndi mipando yapulasitiki.

Mayi wa Mvano, Ndirande

Bambo a minibasi, zimene mwanenazo zimachitikadi, koma ndikukana kuti n'zimene agogo aja ankanena. Gogo amene mdzukulu wake wagona m'bokosi alibe nthawi yowerengera alendo ngongole. Inu abambo mwambiwu mumaumvera panja pamoto, ife timaumvera m'kati.

Ndachezera m'siwa kambirimbiri, Ndirande yonseyi mpaka ku Machinjiri ndi ku Chirimba. Madzulo timaimba nyimbo za m'buku, mlaliki amalalika, anthu amalowa ndi kutuluka. Koma mudzamvetsere cha m'ma 3 koloko m'bandakucha, kwaya itatopa, nyali ikuthima. Mayi mmodzi amayamba pansipansi. Akulira malemu amene ali pamphasapo, inde, koma simuchedwa kumva akutchula wina: "Mayi anga ine, mwandisiyira yani ana awa." Mayi akewo anapita zaka khumi zapitazo. Wina pakona amalandira, iye akuitana mwana wake. Wina akumutuma malemuyo ngati munthu wa pa ulendo, kuti ukafika ukawauze achimwene kuti kuno tikuvutika. Pomafika m'mawa, m'nyumba muja mwaliridwa anthu makumi awiri, bokosi lili limodzi.

Namfedwa sakwiya nazo zimenezo. Amapeza mpumulo, chifukwa akuona kuti amene am'zungulirawo akudziwa ululu wake, sakungomuonerera. Ineyo mwamuna wanga ndinamuika nthawi ya Covid mu 2021, anthu ochepa, titavala zotseka pakamwa, mwambo wothamanga ngati tikuthawa. Sindinalire bwino. Ndinakamulirira miyezi isanu pambuyo pake, pamaliro a mtsikana wa kwa aneba amene sindinkacheza naye n'komwe. Mayi ake a mtsikanayo ndi amene anandigoneka pamiyendo pawo.

Ndiye mwana wanga wa ku Manja, agogo aja anaona mnyamata wouma m'maso ataima yekha kuseri kwa khitchini. Anadziwa kuti uyu wanyamula katundu. Sanafune dzina lako chifukwa m'siwa safunsa kuti malemu ndi ndani wako. Amakuuza kuti bwera, tikuthandize kulira wako, iwe utithandize kulira wathu, poti munthu wake ndi mmodzi yemweyo.

Ndikufunseko chinthu chimodzi. Pa zaka zonse zimene munali limodzi, kwanu sikunagwepo zovuta iye ali moyo?

Dalaivala wa Bangwe–Limbe

Amayi, za m'kati mwa siwa sindingatsutse, sindinachezeremo. Koma khasu lija ndinaliona ndi maso angawa.

Mdzukulu wa ku Chileka

Ine ndiyankhe za kuseka kwathu, poti achimwene mwatikwiyira. Mwini maliro sakumba manda a m'bale wake. Manja ake amakhala ofooka, ndipo mwambo sulola. Ndiye timabwera ife a mbali ina, ndipo kwathu kukagwa zovuta iwo ndi amene amadzagwira khasu. Dzinalo lisakudabwitseni. Kodi pamudzi ndani amene amatha kunyoza agogo pamaso, kuwalanda fodya, kuwatcha mkazi wanga, osapatsidwa mlandu? Ndi mdzukulu. Ufulu womwewo ndi umene tili nawo pamaliro. Timaseka, timavuta ophika, nthawi zina timayerekeza kayendedwe ka malemu, kuti anamfedwa apumeko, mwina amwe ndi phala.

Komanso dziwani kuti sabata imeneyo tinkakumba m'dothi lonyowa. Ukafika m'chiuno madzi ayamba kutuluka, wina akukapa ndi ndowa, khoma likugumukira m'kati, ndipo ukudziwa kuti ukamaliza awa kuli ena mawa. Munthu ukapanda kuseka pamenepo sungabwererenso tsiku lachiwiri.

Ali ku Joni

Nkhaniyi yandikhudza. Ine ndili ku Johannesburg chaka chachisanu ndi chimodzi. Kuno tili ndi gulu la a kwathu, wina akamwalira timasonkha kuti thupi lipite kumudzi. Koma maliro a kunyumba ndimangotumiza ndalama, mwambo ndimaonera pa WhatsApp mlongo wanga atanyamula foni. Kodi pamenepo ndikulirana nawo, kapena ndine bambo wa envulopu uja?

Mphunzitsi wopuma, Zingwangwa

Bambo wa envulopu ankadutsa pakhomo pa maliro ndi galimoto. Inu muli kutali, ndipo anthu amasiyanitsa. Koma tsiku limene mudzabwere, musanayambe kuzungulira ndi zovala za ana, mudzayambe mwalowa m'makomo monse mmene munagwa zovuta inu kulibe, mudzakhale pansi ndi kupepesa. Maliro sakalamba. Akakuperekezani kumanda mukaone pamene anagona, m'pamene mwakhuza.

Amayi a Mvano, ndavula chipewa. Ine ndinafotokoza mawu, zenizeni mwanena ndinu. Ndingowonjezera kuti matanthauzo awiriwa sakulimbana. Mwambi umodzi amaunena mosiyana malinga ndi amene akuuzidwa: kwa wojomba maliro ndi chikwapu, kwa wosweka mtima ndi chitenje chomufunditsa.

Wa ku Manja

Ndawerenga zonse, kangapo. Adzukulu, pepani, sindinaganize za madzi a m'dzenjemo.

Amayi a ku Ndirande, funso lanu landigoneka mochedwa. Bambo anga anamwalira mu 2019. Ndinali nditaiwala, kapena ndinene kuti sindinkaziika pamodzi ndi nkhaniyi. Iye anatseka benchi yake masiku anayi, munthu wodya za tsiku lomwelo. Ndi amene anapita nane kukasankha bokosi, n'kumakangana ndi kalipentala pa mtengo ine nditangoti kakasi. Anagona panja pamoto usiku wonse atadzikuta jekete, ndipo mafoni a anthu onse obwera kudzakhuza ankatchaja ndi iyeyo, atakoka waya kuchokera kwa aneba. Titabwera kumanda, anthu atabalalika, ndinakhala kuseri kwa nyumba n'kuyamba kulira mmene sindinalirirepo. Anabwera n'kukhala pambali panga. Patapita nthawi ndinamva nayenso akusisima. Bambo ake anamwalira iye ali Sitandade 2, ndipo sanawatchulepo kwa ine ngakhale kamodzi, koma tsiku limenelo ankaitana "ababa".

Moti iye mbali yake anachita kale. Wotsalira ndine.

Foni ija ndikadali nayo. Sikirini inaswekanso pakona chaka chatha, koma sindinasinthe, ndimangosamala chala. Tsopano ndifunse: K4,500 ija ndingakapereke bwanji kwa mayi ake patapita nthawi yonseyi? Ndikanene kuti ndi chipepeso? Ndikuopa kukawatsegula chilonda, komanso ndalamayo lero ndi yochepa, manyazi akundigwira.

Mayi wa Mvano, Ndirande

Usakanene kuti ndi chipepeso, limenelo likhala bodza. Ukanene zoona, kuti amayi, mwana wanu anandikonzera foni, sindinamulipire, ndipo kumanda ndinachita manyazi. Uwaonetse foniyo aigwire. Mayi amene anataya mwana amafuna kumva kuti mwana wakeyo ankagwira ntchito yooneka, ndipo alipo amene akumukumbukira. Za chilonda usade nkhawa, sichinatsekeke.

Usapite chimanjamanja. Shuga paketi imodzi, sopo, ndi kamchere ka agogo ngati akadalipo. Usapitenso ndi gulu la anzako, ndipo usakhale ndi changu chobwerera. Akakuyalira mphasa m'nyumba, ulowe.

Dalaivala wa Bangwe–Limbe

Ndipo muonjezerepo pa 4,500 imeneyo amwene, sikirini inakwera mtengo.

Wa ku Manja

Ndaimbira mlongo wake madzulo ano. Agogo akadalipo, koma maso ndi amene akuvuta. Akuti ndikafike Loweruka m'mawa, amayi asanapite kudimba. Ndawafunsa ngati jezi ija anaisunga, akuti anamuika nayo.