Casio SK-1 yakale ikuvuta kuyaka ndipo makiyi ena sakulira, ndiyambire pati?

Kambalame32 wafunsa:

Moni nonse akuluakulu. Ndili ndi Casio SK-1, kakiyibodi kaja ka makiyi 32 kokhala ndi mayikolofoni yakeyake yojambulira mawu. Yakhala nthawi yaitali ili chikhalire ndipo ilibe adaputa. Moika mabatire muli zoyera ngati ufa zomwe zaumira pa masipuling'i awiri. Ndikaika mabatire atsopano pena imayaka pena ayi, mpaka nditagwedezagwedeza switch yoyatsira. Ikayaka, makiyi anayi sakulira ndi pang'ono pomwe, ena awiri amafuna kudinikiza ndi mphamvu. Komanso mawu omwe ndajambula amamveka osasa ngati wailesi yomwe siinagwire bwino siteshoni, ndipo ndikaisiya kwa kanthawi imadzithimitsa yokha n'kufufuta zomwe ndinajambulazo. Kodi zimenezi n'zotheka kukonza pakhomo? Nanga ndingalumikize adaputa ya router ya 9V, popeza pulagi yake ikulowa bwinobwino?

Sodala wayankha:

Achimwene, adaputa ya router ija muiike kutali, musayesereko ngakhale kamodzi. SK-1 imafuna 7.5V DC, ndipo pakati pa pulagi pamayenera kukhala negative. Maadaputa ambiri a router ndi a decoder pakati pawo ndi positive. Kulowa kwa pulagi sikutanthauza kanthu, magetsi akalowa chambuyo chimapsa ndi cha mkati, ndipo ma chip akuluakulu a makina amenewa sagulitsidwanso m'sitolo. Adaputa yakeyake ya Casio inali AD-1. Ikasowa, pezani adaputa ya 7.5V ya regulated (yotulutsa magetsi osasinthasintha), ya 500 mA kapena kupitirira, muyeze ndi multimeter (kachipangizo koyezera magetsi) musanalowetse: waya wakuda ukhudze m'kabowo ka pakati, wofiira ukhudze chitsulo chakunja. Ikawerenga 7.5 popanda kachizindikiro ka minus kutsogolo, ndiye kuti ili bwino. Mukapeza AD-1 yakale onaninso zolembedwa pamsana pake. Yochokera ku Japan ndi ya 100V, ya ku America 120V, pamene kuno kwathu, ku Zambia, ku South Africa ndi ku UK m'khoma mumatuluka 230V. Yoteroyo mukaiika pakhoma imapsa nthawi yomweyo.

Koma pokonza gwiritsani mabatire okha. Amalowa asanu a AA, 1.5V kuchulukitsa kasanu ndi 7.5V ija. Otchaja a NiMH ndi a 1.2V lililonse, onse pamodzi 6V basi, choncho poyesa makina odwala musayambe ndi amenewo chifukwa simudzadziwa ngati vuto ndi makina kapena kuchepa kwa moto.

Zoyera zaumazo ndi madzi a mabatire a alkaline omwe anatuluka n'kuuma. Mankhwala ake ndi viniga woyera wa kukhitchini. Chotsani mabatire, nyowetsani kathonje ka m'makutu ndi viniga pang'ono, mudonthetse pa zoyerazo. Muona zikutulutsa thovu. Dikirani mphindi ziwiri kapena zitatu, mukweche ndi mswachi wakale, mupukute, mubwerezenso mpaka thovu litaleka. Kenako tsukani ndi isopropyl alcohol ya 90% kapena kuposa kuti viniga asatsalire, chifukwa iyenso akakhalitsa amadya chitsulo. Malizani ndi sandpaper yosalala, ya 600 kapena 800, mpaka sipuling'i iwale. Samalani m'maso ndipo musambe m'manja mukatha, zoyerazo zimawotcha khungu.

Musalekere kunja kokha. Masulani masikuluu a pansi, mutsegule pang'onopang'ono, muone mawaya awiri ochokera ku mabatire. Madzi aja amayenda m'kati mwa waya, kunja waya kumaoneka wabwinobwino koma mkati kopa atasanduka wakuda kapena wobiriwira. Waya wotere sagwira mtovu wowotcherera, ingosinthani yense. Onaninso jaki ya adaputa. M'kati mwake muli kachitsulo komwe kamadula mabatire pulagi ikalowa, ndipo kakachita dzimbiri makina amakana mabatire ngakhale ali atsopano. Thirani contact cleaner pang'ono, mulowetse ndi kutulutsa pulagi yosalumikiza kumagetsi kakhumi kapena kupitirira. Miyendo ya jakiyo ikakhala ndi kamng'alu kozungulira pa mtovu, itenthetseni ndi soldering iron pa madigiri 340 kapena 350 ndi kuwonjezera mtovu watsopano, masekondi awiri kapena atatu pa mwendo uliwonse.

Za switch, zoti imayaka mukaigwedeza zikuloza ku litsiro. Ma slider (maswitch otsetsereka) a Casio a nthawi imeneyo ndi timano tachitsulo toyenda pa mizere yakuda ya pa bodi. Pukutani mizereyo ndi thonje la isopropyl mosakanda, chifukwa chakudacho ndi carbon ndipo chikachoka sichibwerera. Timano tikaphwanthalala tidzutseni pang'ono kwambiri ndi nsonga ya singano. WD-40 wamba asafikepo, amasiya mafuta omwe amakoka fumbi.

Mafunde8bit wayankha:

A Sodala afotokoza bwino za moto. Ndingowonjezera kuti viniga ndi wa zoyera zouma zokha. Mukapeza zonyowa zofiirira zadzimbiri, amenewo anali mabatire otchipa a zinc-carbon, ndipo madzi ake ndi a asidi. Pamenepo pamafunika soda wophikira, theka la supuni yaing'ono kusakaniza ndi timadzi kuti pakhale kaphala.

Tsono pa mavuto omwe mwatchula, awiri si matenda ayi, ndi mmene makinawa anapangidwira, ndipo ndikupemphani musawakonze. Kusasa kwa mawu ndi chifukwa chomwe anthu akuifunirabe SK-1 lero, zaka pafupifupi 40 chitulukireni chake chapakati pa zaka za m'ma 1980. Imajambula pa 8-bit, pa 9.38 kHz (kutanthauza kuyeza mawu maulendo 9,380 pa sekondi), kwa masekondi 1.4 okha. CD imajambula pa 16-bit ndi 44.1 kHz. Kutanthauza kuti SK-1 imagawa kukwera ndi kutsika kwa mawu m'masitepe 256 pamene CD ili ndi 65,536, ndiye mawu akamazilala kumapeto mumamva timchenga tija. Komanso makina ojambula sangasunge mawu okwera kuposa theka la liwiro lomwe akujambulira, apa ndi pafupifupi 4.7 kHz, n'chifukwa chake "s" ndi mbale za ng'oma zimamveka ngati zaphimbidwa ndi bulangete. Sample yonse (mawu omwe mwajambula) siipitirira ma kilobyte 13 ndi pang'ono.

Mukamatsika kumanzere kwa kiyibodi sample imayenda pang'onopang'ono, imatalika ndipo timchenga timamveka kwambiri. Kumanja imathamanga n'kufupika. Makinawa sakonza kutalika kwa mawu, amangosintha liwiro, ndipo kukoma kwake kuli pomwepo.

Kuti mudziwe ngati kusasako n'kwachibadwa kapena ndi vuto, siyani sample muyese flute kapena pipe organ pa volume yapakati. Zimenezi zimayenera kumveka zosalala. Nazonso zikamang'ambika, lumikizani output ku amplifier. Ku amplifier zikamveka bwino, vuto ndi sipika: ili ndi fumbi la chitsulo pa maginito kapena pepala lake lang'ambika. Zikang'ambika konsekonse, bwererani ku moto ndi ku slider ya volume, kenako muganizire ma capacitor a electrolytic (tizitini ting'onoting'ono ta pa bodi), makamaka otupa pamwamba kapena onyowa m'miyendo.

Pojambula, makina amayamba okha akangomva mawu okwera mokwanira mutadina sampling. Choncho m'chipinda mukhale chete, apo ayi masekondi 1.4 aja athera pa phokoso la fani. Ndi mayikolofoni ya pa makina, talikirani ngati chikhatho chimodzi ndipo musakuwe. Mukajambula kuchokera pa foni kudzera pa line in, yambani ndi volume yapakati, mukwezeko pang'onopang'ono mpaka mawu atatsala pang'ono kung'ambika, chifukwa pa 8-bit mawu otsika kwambiri amamira m'phokoso. Musalowetse foni pa jaki ya mic, mphamvu yake ndi yochuluka kwa jaki imeneyo.

Kudzithimitsako ndi auto power off, imachita zimenezi ikakhala mphindi zingapo, zosafika 10, osakhudzidwa. Sample imakhala mu RAM (chip chosungira zinthu kwakanthawi) ndipo imapita moto ukangodulidwa. Njira yake ndi kukhudza kiyi imodzi pakapita mphindi zingapo, ndipo sample yomwe mwaikonda muijambuliretu pa kompyuta kudzera pa output, kiyi ndi kiyi ngati mukufuna kudzaiyimbanso.

Kambalame32 wabweranso:

Zikomo kwambiri akuluakulu. Ndatsuka masipuling'i ndi switch, waya wofiira unalidi wakuda mkati ndipo ndasintha. Tsopano ikuyaka nthawi zonse. Flute ikumveka bwino. Atsala ndi makiyi aja. Ndaona kuti anayi osalirawo sali pamodzi, atalikirana mofanana kuchokera kumanzere mpaka kumanja. Awiri olimba aja ali pafupi pakatikati.

MayiWaOrgan wayankha:

Mwachita bwino kuwerenga mmene atalikiranira, chifukwa zikusonyeza kuti muli ndi mavuto awiri osiyana. Musanatsegule, onetsetsani kuti mode ili pa normal osati pa chord, komanso kumbukirani kuti SK-1 imayimba manoti anayi okha nthawi imodzi. Chala chachisanu chikapanda kumveka si vuto.

Awiri olimbawo ndi litsiro chabe. Pansi pa makiyi pali kalamba ka labala kokhala ndi timadontho takuda, kiyi ikadinidwa kadonthoko kamakhudza timizere ta pa bodi. Jambulani chithunzi ndi foni musanamasule chilichonse, masikuluu muwaike pa pepala motsatira malo ake chifukwa si onse ofanana kutalika, ndipo lalitali likalowa pa malo a lalifupi limaboola pulasitiki kapena kukanda bodi. Chotsani kalambako mosakoka, mupukute timizere ta pa bodi ndi isopropyl, timadontho takudato mupukute kamodzi kokha mopepuka. Dikirani mphindi 10 ziume. Kadontho kakakhala kosalala kowala ndipo kakukanabe, kadetseni ndi pensulo yofewa ya 4B kapena 6B. Zimathandiza kwa miyezi ndithu, koma chokhalitsa ndi utoto wa conductive womwe amakonzera ma remote. Spiriti wa pepo uja musamugwiritse pano, amasiya utoto.

Anayi otalikirana mofananawo kutsuka sikungawadzutse. Makiyi 32 alibe waya wakewake aliyense, amagawana mizere yochepa yopingasana, ndipo mzere umodzi ukaduka makiyi onse odalira mzere umenewo amafa limodzi. Malo oyamba kuwakayikira ndi lamba wa mawaya wolumikiza bodi ya makiyi ndi bodi yaikulu, pomwe mawaya alowa mu mtovu. Ndi olimba ndipo amathyokera pomwepo akapindidwa kangapo, choncho musamatsegule ndi kutseka zigamba ziwirizo ngati buku. Chotsani mabatire, ikani multimeter pa continuity (pomwe imalira waya akakhala wosaduka), muyeze waya uliwonse mbali ndi mbali. Onse akalira, tsatirani mzere wa kopa kuchokera pa imodzi mwa makiyi akufawo, makamaka mbali yoyandikana ndi mabatire komwe madzi aja anafika. Mzere wodyeka umaoneka wakuda pansi pa utoto wobiriwira. Palani utotowo pang'ono mbali zonse za podukapo mpaka kopa aoneke, muike mtovu, mulumphitse ndi kawaya kamodzi kopyapyala.

Sodala wawonjezera:

Mukayamba kufufuza za SK-1 pa intaneti mukumana ndi zambiri za circuit bending, kulumikiza miyendo ya ma chip a mawu ndi timaswitch kuti makina azitulutsa phokoso lachilendo. Dzina limenelo linachokera kwa Reed Ghazala wa ku America, ndipo SK-1 ndi imodzi mwa makina omwe anapindidwa kwambiri motero. Ena amaikamo MIDI (njira yolumikizira kiyibodi ndi kompyuta kapena zida zina zoimbira), popeza inatuluka ilibe. Maganizo anga ndi oti yanuyi, poti yadzuka ndipo pulasitiki yake sinabooledwe, muisiye mmene ilili, chifukwa zosabooledwa zikucheperachepera. Mukafunitsitsa kuyesa, chitani pa mabatire okha, gwiritsani mawaya a timano m'malo mowotcherera, ndipo muyambe mwapeza miyendo ya moto ndi ya ground pa chip chilichonse n'kuilemba chizindikiro kuti musaikhudze.

Pofunafuna zosinthira monga makiyi, timitu ta ma slider kapena chitseko cha mabatire, sakaninso dzina loti Realistic Concertmate-500. Ndi SK-1 yomweyo yomwe inkagulitsidwa ndi Radio Shack, masitolo a zamagetsi a ku America, pa dzina lawo. Ndipo mukatha kuyimba, ngati ikhala sabata ziwiri kapena kuposa osagwiritsidwa ntchito, tulutsanimo mabatire onse asanu.