Ana a ku Ntcheu ku Joni: mphuno zatseka, ndimwe chiyani?

Chikondi wa ku Kasinje: Abale ndithandizeni. Mphuno zatsekeratu, kuyetsemula osaleka, maso kuyabwa. Ndimatchetcha kapinga ku Randburg, mawa m'mamawa ndikufunika pantchito. Ndigule chiyani?

aJere: Ukalowa pagulu umayamba wapereka moni, mphwanga. Kwanu sanakulange?

Nangozo: Allergex basi. Ndi Piriton yemwe uja wa kwathu, langosiyana dzina.

Mada wa Uber: Musamuphe mwana. Ine ndinamwa Allergex m'mawa, kufika pa msewu wa N1 zikope zikungogwa zokha, kasitomala ali kumbuyo. Iyenso amagwira makina odula. Achimwene gulani Texa kapena loratadine, kamodzi patsiku, tulo take n'tochepa.

Biziwiki: Zonsezo n'zochedwa. Iliadin, kupopera kawiri, mphuno mbee!

Mayi Nachisale: Biziwiki, botolo lako lija sulisiya m'thumba chifukwa chiyani? Iliadin sapitirira masiku 5. Ukapitiriza, mankhwala akangotha mphamvu mphuno imatupa m'kati kuposa kale. Chikondi mwananga, chako si chimfine, ndi mungu. Seputembala uno mitengo ya m'misewu ya Joni ikuwaza, ndiye mvula ikayamba udzu nawo. Funsa Flomist ku pharmacy, upopere tsiku lililonse. Imatenga masiku angapo kuti igwire, usataye mtima. Tsukanso mphuno ndi madzi amchere ogula komweko, ndipo potchetcha vala masiki.

Biziwiki: Kusamala gogo wachizungu ku Sandton mwasanduka dokotala?

aJere: Amoxicillin ndili naye, wochokera kumudzi.

Mayi Nachisale: Ameneyo ndi wa mabakiteriya, bambo, mungu sathana nawo. Inunso ndi BP yanuyo musakhudze Sinutab, muli pseudoephedrine, amakweza magazi.

Nangozo: Koma samalani, akuti akalemba dzina pa kauntala paja amapereka kwa apolisi. Mnyamata wina wa ku Tsangano anamugwira choncho.

Mada wa Uber: Bodza ilo. Mankhwala a Schedule 2, aja umachita kupempha pa kauntala ku pharmacy, amalembetsa aliyense, ngakhale eni dziko.

Biziwiki: Kapu ya kachasu wa ku Mphate, mphuno ndi makutu zonse zitseguka 😂

Nangozo: Mayi anga akanangowiritsa masamba a bulugama ndi mandimu, n'kundifunditsa bulangete pamphika. Eee, koma kumudzi. Pano pa Lizulu kachewere ali mbwee m'mabeseni, ife tikudya mapapa ouma.

aJere: Wa thiraki akunyamuka Loweruka kudzera pa Dedza. Amene ali ndi katundu andiimbire lero, osati za mawa.