Wina panado, wina amokisilini: ndimvere uti?

Nangozo: Ngati muli achipatala pano ndithandizeni. Mwana wanga wa zaka 3 ali ndi chimfine, akutsokomola, thupi likutentha pang'ono. Kuchipatala cha boma anamuyeza malungo koma sanapezeke. Adokotala anamukweza malaya, n'kumayang'ana pachifuwa kwinaku akuwerenga kapumidwe ndi wotchi ya pafoni. Anatilembera panado yekha, amvekere ndibwere naye msanga akayamba kupuma mobanika kapena kukana kumwa. Apongozi anga sanakhutire, anamutengera kuchipatala cholipira. Kumeneko sanamukhudze n'komwe, anangolemba amokisilini wamadzi m'kabuku. Botolo lili pano, sindinatsegule. Anthu ophunzira ntchito imodzi amasiyana bwanji chonchi?

Wakuchipatala: Mayi, ndimaona odwala tsiku lililonse, ndipo woyambayo anagwira ntchito yake. Chimfine chimayamba ndi mavairasi, pomwe amokisilini amapha mabakiteriya basi. Chimene ankafufuza ndi chibayo. Mwana wa chaka chimodzi mpaka zaka 5 akamapuma ka 40 kapena kuposa pa mphindi imodzi ali phee, kapena nthiti zikamalowa mkati, pamenepo amokisilini ndi wofunikadi. Kwa khanda la miyezi 2 mpaka 11 timawerenga 50. Werengani nokha usiku uno akagona. Mukakayika, bwererani kwa adokotala oyambawo, botololo mutenge.

Zoti chimfine sichimva amokisilini tonse tinaphunzira. Chimatisintha ndi mantha. Mzere wafika panja, malungo sanapezeke, mayi wayenda mtunda wautali ndipo mwina sabweranso. Mumtima umati, bwanji akakafika kunyumba n'kukula matenda? Kumufotokozera mayi kuti apite ndi panado kumadya nthawi, ndipo ena amachoka akung'ung'udza kuti sanathandizidwe. Kulemba amokisilini ndi mzere umodzi m'kabuku. Ambiri timasankha chachidulecho.

Bambo a Tadala: Komatu musaiwale ife akumudzi. Chipatala chili kutali, kabaza ndi ndalama. Dokotala akanena kuti "mubwerenso", kwa ife si nkhani yaing'ono. Ine dokotala wondipatsiratu makapisozi ndimamuona ngati wandiganizira.

Mlongo wa ku labu: Bambo a Tadala, vuto la mtunda ndi loona, sindikutsutsa. Koma ife amene timayeza magazi timaona kumene nkhaniyi imathera: mankhwala akamaperekedwa posafunikira, mabakiteriya amasiya kuwamva. Ofufuza a Malawi-Liverpool-Wellcome anaunika zotsatira za magazi a odwala ku Queen Elizabeth ku Blantyre kuyambira 1998 mpaka 2016. Anapeza kuti pofika 2016, pafupifupi 90 pa 100 ya mabakiteriya a Klebsiella anali osamvanso mankhwala a gulu la ceftriaxone, jakisoni amene timadalira munthu akagonekedwa ali kayakaya. Mankhwala amene amabwera pambuyo pake ndi odula, ndipo zipatala zambiri zilibe.

Chimandipweteka kwambiri ndi chizolowezi. Wophunzira zachipatala amabwera akudziwa bwino buku la malangizo a kaperekedwe ka mankhwala lotchedwa Malawi Standard Treatment Guidelines, koma akaona akuluakulu ake akulembera ceftriaxone aliyense wotentha thupi, nayenso amatengera. Ndani angafunse bwana wake pamaso pa odwala? Chikhalirecho bungwe la WHO, kuyambira 2017, linaika mankhwalawa m'gulu lofunika kusamala nalo. Kutsegula m'mimba nakonso chimodzimodzi: mwana wopanda magazi m'chimbudzi amafunika Thanzi ndi zinki, koma ambiri amatuluka ndi Bactrim, mankhwala opha mabakiteriya.

Wakuchipatala: Ndiwonjezere pa za chipatala cholipira. Si onse, alipo osamala kwambiri. Koma malo amene amalemba mankhwala n'kugulitsanso okha, kubweza munthu ndi panado yekha kumawavuta. Inu Bambo a Tadala, funsani dokotala kuti, "Mwapeza chiyani, ndipo mankhwalawa akupha chiyani?" Munthu akandifunsa choncho ndimaika cholembera pansi n'kumupimanso mwanayo.