Pepala lakale lotsatsa waya waminga: ndigule kapena ndisiye?

Wa ku Illinois: Abale, ndithandizeni nzeru. M'shopu ina ya zinthu zakale kuno ndapeza pepala lotsatsa waya waminga wa Glidden. Ajambulapo ng'ombe mbali ina, sitima yapamtunda mbali ina, waya pakati. Akuti madola 90. Ndigule?

Mlimi wa ku Dedza: Madola 90 pepala, achimwene? Tumizani kuno ndalamazo ndigule waya weniweni, mbuzi zandithera ndiwo kudimba.

Aphunzitsi opuma: Musaseke, bambo. Joseph Glidden anali mlimi ngati inu, wa ku DeKalb konko ku Illinois. Boma linamupatsa umwini wa luso lake mu 1874, ndipo akuti minga yoyamba ankaipinda ndi kachigayo ka khofi. Kumadambo a kumadzulo kwa America mitengo inali yosowa, mpanda wamatabwa unali wodula. Sitima ili papepalapo sanaiikepo mwangozi: ikagunda ng'ombe, kampani ya njanji inkalipira, ndiye nayo inkafuna waya.

Achemwali a ku Leeds: Koma ndi lenileni? Mapepala otere amawasindikizanso masiku ano n'kuwadetsa dala. Liyang'aneni ndi galasi lokuza zinthu. Mukaona timadontho ta mitundu tofolana bwinobwino ngati m'magazini, ndi latsopano limenelo.

Mlimi wa ku Dedza: Olo likhale lenileni, limatchinga chiyani?

Aphunzitsi opuma: Mwandikumbutsa alimi a ku Texas, nawonso ankakayika chimodzimodzi, amvekere kawaya kowonda sikangaimitse ng'ombe zanyanga zazitali. Wogulitsa waya wina, John Gates, anamanga khola la wayayu pakati pa mzinda wa San Antonio, n'kulowetsamo ng'ombe anthu akuonerera. Sizinatuluke. Malonda anayenda kuposa mmene pepala lililonse likanachitira. Chimene papepala lanulo simuchipeza n'chakuti anthu otsekeredwa msipu ndi madzi anayamba kudula mipanda usiku, mpaka mu 1884 Texas inakhazikitsa lamulo loti kudula mpanda ndi mlandu waukulu.

Achemwali a ku Leeds: Ine ndingagule pokhapokha atatsitsa, komanso alembe pa lisiti kuti ndi la zaka za m'ma 1800. Akayamba kuzemba, mwadziwa kale.

Wa ku Illinois: Loweruka ndipitanso ndi galasi, ndikayambira pa 50. Amalume a ku Dedza, zikakanika waya wanu ukubwera.

Mlimi wa ku Dedza: Ndiye ndikupempherera kuti likhale labodza.