Fanta ya ku Manchester si ija ya kumudzi, kapena lilime langa ndi limene lasintha?

MaiAChisomo: Abale, ndifunseko. Chaka chino ndi chachitatu ndili ku Manchester. Loweruka tinali pa chinkhoswe, ndinatenga Fanta ndikuyembekeza ija ya m'botolo yomwe tinkamwera mandasi ku Ndirande. Iyi mtundu wake ndi wachikasu chotuwa, siikoma shuga kwenikweni, ndipo ukameza pakhosi pamatsala kakomedwe kachilendo. Dzina ndi lomwelo, chizindikiro chomwecho. Ndine ndekha kodi?

Bambo_Phiri_Leeds: Simuli nokha mayi. Mu April 2018 boma la Britain linayamba kudula msonkho zakumwa zokhala ndi shuga wokwana magalamu 5 kapena kuposerapo pa mamililita 100 alionse. Makampani ambiri anachepetsa shuga n'kuikamo zotsekemeretsa zina kuti msonkhowo usawakhudze. Kakomedwe kotsalira pakhosiko n'kameneko. Mtunduwo ndi nkhani ina: ku Ulaya chakumwa chokhala ndi utoto ngati Sunset Yellow chimayenera kulembedwa chenjezo lokhudza ana, ndiye opanga ambiri amaupewa.

Mjoni88: Kuno ku Johannesburg msonkho ngati umenewo unayambanso mwezi womwewo wa 2018. Ine ndinazolowera, sindimvanso kusiyana.

NaBanda: Achemwali, za zakumwazi ine sizindivuta, munthu wamkulu amasankha yekha. Chimene chimandiwawa ndi phala la ana. Mu 2024 bungwe la Public Eye la ku Switzerland linapeza kuti Cerelac ina yogulitsidwa ku Senegal ndi ku South Africa inali ndi shuga woonjezera magalamu 6 pa mlingo umodzi wodyetsa mwana, pomwe ya mtundu womwewo ku Switzerland inalibe shuga woonjezera. Kampani ya Nestlé, yomwe imapanga Cerelac, inayankha kuti imatsata malamulo a dziko lililonse. Koma khanda la miyezi 6 silingawerenge zolembedwa pa bokosi, ndipo likazolowera zotsekemera, phala la mgaiwa lothira nsinjiro limayamba kulilavula. Ine ndikalowa m'sitolo tsopano ndimatembenuza bokosi kaye, ndione chimene chalembedwa kumbuyo.

MaiAChisomo: Zikomo nonse. A NaBanda, mng'ono wanga ku Lilongwe ali ndi khanda la miyezi 7. Ndimuimbira usiku uno, andijambulire kumbuyo kwa bokosi lomwe akugula, tiwerengere limodzi.