Ndalama za thandizo la boma zikusowa pakhadi

NaBanda:
Abale, zimatheka bwanji kuti ndalama za thandizo la boma zithe pakhadi, khadilo lili m'thumba mwa mwini wake? Tingapewe bwanji?

Chikondi_M:
Nthawi zambiri akuba amamata kachipangizo polowetsera khadi pa ATM kapena pamakina olipirira. Mukadutsitsa khadi, kamakopera zonse za pakamzere kakuda kakumbuyo kaja, pomwe kamera yobisika kapena mabatani abodza akutenga PIN. Akapeza ziwirizo amapanga khadi lina. Ndiye musanalowetse, gwedezani polowetserapo. Pakakhala pokhwepa kapena mabatani atatukumuka, chokanipo. Pobaya PIN phimbani ndi dzanja linalo. Ngati khadi lili ndi chip (kachitsulo kakang'ono kowala kakutsogolo kwa khadi), gwiritsani ntchito chipcho, n'chovuta kukopera.

Bambo Tembo:
Zoona achimwene. Akubawo amadikira tsiku lolowa ndalama, n'kutapa zonse usiku womwewo. Sinthani PIN kutatsala tsiku limodzi, imene anaba ija ikhale yopanda ntchito. Koma osati 1234 kapena chaka chobadwa, chonde.

Mayi Tadala:
Mayi NaBanda, ena safuna n'komwe makina. Amangotumiza uthenga woti "khadi lanu latsekedwa, tumizani nambala ndi PIN". Ofesi yeniyeni siifunsa PIN, ndiponso silipiritsa munthu kuti alembedwe. Olandira pafoni, netiweki ikazimiratu mwadzidzidzi anzanu ili bwino, thamangirani ku kampani ya foni, mwina wina watulutsa SIM ya nambala yanu. Zikabedwa, tsekani khadi tsiku lomwelo, lembani tsiku ndi kuchuluka kwa ndalamazo, kenako kanenani ku ofesi yothandiza ndi kupolisi.