Kodi mbiri ya mlembi iphunzitsidwe tisanawerenge buku lake?

Anzanga okonda mabuku, ndikupempha nzeru zanu pa nkhani imene yandiimitsa mutu pokonzekera phunziro la ophunzira anga. Tikuwerenga To Kill a Mockingbird, buku la Harper Lee lomwe linatuluka m'chaka cha 1960. Mlembiyu anabadwa mu 1926 m'tauni ya Monroeville ku Alabama, m'dziko la America, ndipo bambo ake anali loya, monganso Atticus Finch, amene m'bukumo akuimira Tom Robinson, munthu wakuda wonamiziridwa mlandu. Mnyamata wina wa m'bukumo, Dill, nayenso anatengera Truman Capote, mnzake wa Lee wa paubwana.

Chimene chikundivuta n'chakuti tsankho lonseli tikuliona kudzera m'maso mwa Scout, mwana wa Atticus, kamtsikana kachizungu kamene kakuonerera mlanduwo kali m'mwamba mwa khoti, pamalo pamene ankakhala anthu akuda. Zikumupweteka ndithu, komabe kwawo akukapeza chakudya chophika Calpurnia, mayi wakuda wogwira ntchito pakhomo pawo, pamene za m'nyumba mwa Tom Robinson timangomva pang'ono chabe. Ine ndikuganiza kuti Lee analemba zokhazo zimene ubwana wake unamulola kuona.

Kodi ndiyambe kuwafotokozera ophunzirawa za moyo wa mlembiyu, kapena ndidikire amalize kaye kuwerenga, kuopa kuti angayese nkhani yopekayi ndi mbiri yake yeniyeni?